Lamulungu la Teruyo

Fusako Iwabuchi anayamba kuponyera mpira Teruyo onse awiri ali ndi zaka 21, akugwira ntchito yotumbula nsomba pa fakitale yoika nsomba m'zitini m'tauni ya Urahama. Fakitaleyo inali ndi timu ya akazi ya sofutibolo, masewera oponya mpira wina n'kuumenya ndi ndodo, ndipo mabwana anawasalazira bwalo kumtunda, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene fungo la nsomba silinkafika kwambiri. Fakitale inatsekedwa kalekale, bwalo linapita m'manja mwa khonsolo, koma timu sinathe. Lamulungu lililonse kuyambira 9 koloko mpaka 12, amayi khumi ndi awiri ankakumana pamenepo, kuweramira bwalo polowa, kusewera, kenako kulisalaza ndi matabwa okokera dothi asanakhale pansi kudya mpunga wawo. Wamng'ono pa onse anali ndi zaka 54. Fusako anali ndi 67, mwamuna anamwalira, mwana ali kumzinda, ndipo anali akadali woponya wa timuyo. Teruyo anali akadali wowakha wake.

Panali patapita zaka zitatu chiyambireni Teruyo kuiwala. Poyamba anzake ankangoseka, iyenso n'kuseka nawo. Kenako tsiku lina anaphika mpunga katatu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo tsiku linanso anamupeza ataima pa geti la fakitale atavala jombo zake zoyera, akudikira kuti mlonda atsegule. Mwamuna wake Genzo, msodzi amene anasiya kupita panyanja chifukwa cha msana, anapita naye kwa dokotala, ndipo atabwerako anauza Fusako yekha. Anamupempha kuti zisamveke m'tauni. Amayi a m'timu ankaona ndi maso awo, koma panalibe wotchula dzina la matendawo.

Chodabwitsa chinali chakuti Lamulungu Teruyo sankaliiwala. Ankadzuka yekha, kuvala yunifomu, kunyamula chikwama n'kuuyamba wa kumtunda. Akangonyonyomala kumbuyo kwa womenya, chigoba chili kumaso, munthu wakale uja ankabwerera yense. Ankadziwa amene amamenyera kumanzere ndi amene amaopa mpira wodzera pafupi ndi thupi, ndipo mpira wa Fusako ukafika wofooka ankaubweza ndi mawu, ati agogo asiye kuponya ngati akupatsira mphaka nsomba. Genzo ankati maola atatu amenewo ndiwo ankanyamula sabata yonse. Akachokera kubwalo mkazi wake ankadya bwino, kugona bwino, ndipo mpaka Lachiwiri kapena Lachitatu ankamuitana ndi dzina lake, osasokoneza ndi la bambo ake amene anamwalira kalekale.

Mu Seputembala namondwe anagwetsa mvula masiku awiri osakata. Mtsinje unasefukira n'kukokolola bwalo la m'mphepete mwake, kumene ana ankasewerera besibolo, masewera ofanana ndi sofutibolo koma a kampira kakang'ono, n'kusiyapo miyala ndi mitengo yozuka. Pa bwalo la sukulu anamangapo nyumba zongoyembekezera za mabanja 40 amene nyumba zawo zinamira. M'tauni monse munatsala bwalo limodzi, la fakitale lija. M'nyengo yozizira nkhani sinavute, pakuti ana ankathamangira muholo ya sukulu ndipo amayi nawo anali atapumira chisanu, koma chipale chofewa chitasungunuka khonsolo inaitanitsa matimu onse kuti agawane masiku.

Anakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa holo ya khonsolo, atakhala pamphasa mozungulira. Kunali matimu awiri a ana, timu ya amuna imene inkasewera m'bandakucha asanapite kuntchito, ndi timu ya Fusako. Kochi wa timu ya ana ocheperapo anali Norifumi, mwana wa malemu mchimwene wake wa Fusako. Ankakonza magalimoto masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo Lamulungu ankaphunzitsa ana 26. Ataona azakhali ake akulowa anawerama, koma sanabwere kudzakhala pafupi nawo.

Amuna a m'bandakucha panalibe wolimbirana nawo nthawi. Loweruka linali la mipikisano ya ana, Lamulungu masana linapita ku timu ya ana okulirapo, ndipo nkhani yonse inadzaima pa Lamulungu m'mawa. Mayi wina wa komiti ya makolo anayankhula, mwaulemu ndithu, kuti ana amakhala kusukulu sabata yonse pamene amayiwa ambiri anapuma ntchito ndipo angathe kusewera tsiku lililonse. Zinali zoona, kupatula kwa atatu amene ankagwirabe ntchito. Mlembi wa khonsolo atafunsa Fusako ngati ali ndi chifukwa chapadera chokanira, iye anayang'ana manja ake. Chifukwa anali nacho, chili pamlomo penipeni, koma anali atalonjeza Genzo. Anangoti bwalolo alisamala zaka 46, ndipo Lamulungu m'mawa lakhala lawo chiyambire. Iye mwini anamva mmene mawuwo anamvekera m'chipindamo, ngati a nkhalamba youma mtima imene ikukaniza ana malo. Bambo wina kumbuyo anatsokomola mwachipongwe. Mlembi analemba kuti amayi atenge Lachitatu m'mawa.

Potsika, Setsu, amene ankasewera pa bezi yoyamba, pamene womenya amayamba kuthamangira, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka, anati Lachitatu n'labwino zedi, chifukwa akachoka kubwalo azingopitirira ku chipatala cha mawondo pa basi yomweyo. Panalibe amene anaseka.

Lolemba Fusako anapita kugalaja. Anapeza Norifumi ali pansi pa kalole, ndipo anadikira mpaka atatulukamo n'kupukuta m'manja. Anamuuza zonse za Teruyo, zimene analephera kunena pamsonkhano, n'kumupempha kuti zithere pomwepo, ndipo anawerama pamaso pa mwana amene iye yemweyo anamusambitsapo m'beseni. Norifumi anamvetsera osamudula. Kenako ananena kuti mwa ana ake 26, khumi ndi mmodzi akukhala m'nyumba zongoyembekezera zija, m'tizipinda momwe munthu akayetsemula oyandikana naye amamva. Wina anasiya kuyankhula chichitikireni cha madzi aja ndipo amatsegula pakamwa akakhala pabwalo pokha. Iye mwini analibe tsiku lina.

"Azakhali, musawerame choncho, chonde. A Teruyo ndimawadziwa chibadwire. Koma makolo aja ndikawauze chiyani? Kuti ana 26 akhale kunyumba chifukwa cha munthu mmodzi amene sindikuloledwa n'kumutchula komwe?"

"Anawo ali ndi masabata ambirimbiri kutsogoloku," anatero Fusako. "Teruyo watsala ndi owerengeka."

"Ndikudziwa. Komabe sindingathe."

Anafuna kumupatsa tiyi, koma Fusako anakana n'kubwerera.

Anayesa Lachitatu. Genzo anabisa kalendala, anazimitsa wailesi, n'kuika yunifomu pampando ngati mwa nthawi zonse. Koma ana asukulu anadutsa pawindo ndi zikwama kumsana, Teruyo n'kunena kuti lero si Lamulungu, anthu ali kuntchito. Fusako atabwera pa galimoto ya Setsu n'kumutengera kumtunda, Teruyo anakana kutsika. Anagwiritsa lamba wa mpando ndi manja awiri, akuti kapitawo akawaona akusewera nthawi ya ntchito awachotsa onse. Anayesa kawiri, n'kuleka.

Lamulungu loyamba Genzo anakhoma chitseko n'kupirira kulira kwa mkazi wake mpaka masana. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Sabata inayo anatuluka pang'ono kukagula tofu, chakudya cha soya, pagolosale, n'kuiwala kukhoma.

Fusako anali kuyanika zovala pamene foni inalira. Anali Norifumi, ndipo anangoti abwere kubwalo msanga. Fusako anathamanga mmene analiri, ndi siketi ya pakhomo ndi masilipasi.

Anapeza bwalo lili zii. Ana anali ataima m'malo awo magolovesi ali lende, makolo atandanda kumpanda. Pamalo a wowakha panali patanyonyomala Teruyo, atavala zonse, chigoba kumaso, golovesi ataitambasulira kutsogolo. Mwana woponya anali atafumbata kampira kake kolimba ngati mwala, akuyang'ana kochi. Norifumi anali ataimitsa zonse. Anayesa kumuyankhula, koma Teruyo anangomuuza kuti achoke pamzere angapwetekeke.

Fusako anamugwira paphewa n'kumuuza chapansipansi kuti azipita kunyumba. Teruyo anakweza chigoba, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pepani mayi, oonerera amakhala kuseri kwa mpanda. Ife tikudikira woponya wathu."

M'zaka zitatu zonsezo zinali zisanachitikepo kuti Teruyo asamudziwe.  Fusako anayesa kumukoka mkono, Teruyo n'kumukankha mwamphamvu mpaka anatsala pang'ono kugwa, makolo onse akuona. Anaima kaye osadziwa chochita. Kenako anaona chikwama cha Teruyo pansi pa benchi, pamalo ake a nthawi zonse. Anatulutsamo mpira waukulu wa sofutibolo, nayenda mpaka pa mtunda umene mapazi ake ankaudziwa, kutsogolo pang'ono kwa kachulu koimapo woponya wa ana. Mwana uja anamupatukira. Fusako anavula masilipasi, nazunguza mkono, n'kuponya.

Mpira unalira m'golovesi. Teruyo anaubweza.

"Wachedwa, Fusa. Ndiye wabwera ngati ukupita kukachapa bwanji?"

Fusako anaponya mipira mwina makumi awiri, alibe golovesi, akuwakha yobwerayo ndi manja awiri mpaka zikhatho zinafiira. Kenako anauza Teruyo kuti lero anzawo sabwera, bwalo abwereka ana. Teruyo anang'ung'udza koma anadzuka. Apa n'kuti Genzo atafika ali wefuwefu, jumbo ya tofu ikadali m'manja. Anavula chipewa, napita kumpanda kukawerama pamaso pa makolo, mmodzimmodzi, kupepesa kuti asokoneza ana awo. Mkulu wa zaka 73, amene anapulumukapo panyanja kawiri, anawerama mpaka Fusako anayang'ana kumbali. Pofika madzulo tauni yonse inali itadziwa chimene Genzo anabisa zaka zitatu.

M'mawa mwake Fusako anapita kukawaona. Teruyo anali m'tulo, ndipo Genzo anali pakhonde akusoka ukonde wakale umene unalibenso ntchito. Ananena kuti anthu atatu abweretsa kale ndiwo, ndipo aliyense wayankhula naye motsitsa mawu ngati pamaliro. Chimene ankaopa ndi chimenecho. Kenako anawonjezera kuti mwina akanamulola Fusako kunena zonse pamsonkhano paja, pakuti manyazi amene ankawathawawo awapeza ndithu, bwalo n'kupitanso. Fusako anamuuza kuti sakukhulupirira kuti zikanasintha kanthu. Sankadziwa ngati zinali zoona, koma ndi zimene mkuluyo ankafunika kumva.

Komiti ya makolo inakumana sabata yomweyo. Ena anamva chisoni, ena anafunsa kuti mpira wolimba ukadzagunda mayi wodwala m'mutu adzayankhe ndani. Zobweza Lamulungu panalibe amene anazitchula. Norifumi anabwera yekha kwa azakhali ake, naima pakhomo osavula nsapato, n'kunena kuti bwalo sangawapatse, koma kungodya ya kumanzere, kuseri kwa ukonde wotchinga mipira, kuli kamalo kokwanira anthu awiri. Azibwera 9 koloko monga kale. Makolo akadandaula, woyankha ndi iye.

M'timu ya amayi nkhaniyi inagawanitsa anthu. Ena anati n'chipongwe kuti anthu amene anatola miyala pa bwalo limenelo ndi manja awo apatsidwe kangodya ka kuudzu. Fusako sanawatsutse, koma kamaloko anakalandira. Kuyambira kumapeto kwa Epulo, Lamulungu lililonse ankadzera kwa Teruyo atavala yunifomu, n'kukwera naye kumtunda. Setsu ankabwera nawo n'kuima ndi ndodo yake ngati womenya, koma osamenya, pakuti mpira ukanakagwera pakati pa ana.

Mayi uja amene anayankhula pamsonkhano ankawabweretsera madzi ozizira kungodyako, kuika pansi, kuwerama, n'kuchoka. Fusako sankamuyang'ana kumaso. Tsiku lina akudutsa pa sukulu anamuona akutuluka m'nyumba yongoyembekezera, mwana wina kumsana, akuyanika yunifomu ya besibolo pa chingwe chomangirira ku zenera la oyandikana naye. Lamulungu lotsatira Fusako anamuthokoza chifukwa cha madzi.

Koma kangodya sikanafanane ndi bwalo. Teruyo ankawakha bwinobwino, koma pakapita mphindi zochepa ankavula chigoba n'kufunsa kumene kuli anzawo, nanga ana onsewa ndi a yani, nanga masewera ayamba nthawi yanji. Fusako ankayankha zomwezomwezo sabata iliyonse. Nthawi zina Teruyo ankakhala paudzu n'kumaonerera ana, akudzudzula wowakha wawo kuti wakweza matako kwambiri, ndipo Norifumi, amene ankamva, ankapita kukamukonza mwanayo mwakachetechete. Genzo anati tsopano mtendere umangofika madzulo a Lamulungu lomwelo. Lolemba mkazi wake ankakhala atabwereranso kumene anali.

Timu ya Lachitatu nayo inali kutha. Atatu apantchito aja anasiya, wina anasamukira kwa mwana wake kumzinda, ndipo otsalawo, pokhala analibe wowakha, ankangoponyerana mipira, kumwa tiyi wa balere n'kubalalika.

Kumayambiriro kwa Ogasiti, kukutentha, nyenje zikugonthetsa m'khutu, Fusako anaponya mpira wake wachitatu wa m'mawa umenewo, ndipo Teruyo sanakweze golovesi. Mpira unagunda chotchinga pachifuwa n'kugwera pakati pa mapazi ake. Sanapweteke. Anangoyang'ana mpirawo, kenako golovesi, n'kuyamba kuivula pang'onopang'ono ngati chinthu cha mwini chimene wina wamuveka ali m'tulo. Fusako anabwera pafupi n'kumuponyera mofatsa, ngati kwa khanda. Teruyo anatsinzina n'kutembenuza nkhope. Setsu anagoneka ndodo pansi. Anamuvula zotchinga zija awiriwo n'kupita naye kunyumba. Lamulungu lotsatira Teruyo sanadzuke kuvala yunifomu, ndipo sanafunse.

Pakati pa mwezi womwewo, m'masiku okumbukira akufa, Fusako anakumana ndi Norifumi pa manda a bambo ake a mnyamatayo. Anatsuka mwala limodzi, kuika maluwa, kuyatsa lubani, osayankhulana. Akutsika, Norifumi atanyamula ndowa yopanda madzi, Fusako analephera kudzigwira.

"Ukanatisiyira bwalo lija, bwenzi pano akusewerabe."

Norifumi anaima. Fusako ankayembekeza kuti anena za madokotala, kuti matendawa saima chifukwa cha mpira, zimene iyenso ankazidziwa bwino. Koma mnyamatayo anayankha zina.

"Mwina n'zoona, azakhali. Ndimaziganiza tsiku lililonse. Koma mutandifunsanso lero, ndingayankhe chimodzimodzi."

Fusako anafuna kukalipa, koma mkwiyo unasowa pogwira. Anamulanda ndowa n'kutsogola. Chaka chimenecho sanamuitane kudzadya kunyumba monga ankachitira pa masiku amenewo, ndipo iye sanabwere. Anadzayambiranso kuyankhulana pa Chaka Chatsopano, za nyengo ndi za matayala a galimoto, koma za bwalo sanazitchulenso.

Mu Okutobala, Chaka Chatsopanocho chisanafike, msana wa Genzo unakanika kunyamula mkazi wake popita kubafa, ndipo Teruyo anapita ku nyumba yosamalira okalamba kutsidya kwa gombe, ulendo wa mphindi 40 pa basi.

Bwalo la kumtsinje linakonzedwa chaka chotsatira. Ana anabwerera kwawo, ndipo mlembi wa khonsolo anaimbira Fusako kumuuza kuti Lamulungu m'mawa lilibe mwini ngati amayi akulifunabe. Anali atatsala asanu ndi awiri. Anakumana kwa Setsu, ndipo ambiri anati basi, timu ithe mwaulemu. Fusako naye ankaganiza choncho pobwera, koma atamva wina akufunsa kuti mayunifomu awapereke kwa yani, anati adikire kaye. Ku tauni yoyandikana nayo kunali timu ina yotsala ndi anthu asanu, ndipo mmodzi wa iwo anali wowakha, mayi wa zaka 49 woyendetsa basi ya sukulu ya mkaka. Anaphatikizana. Wowakha watsopanoyo anali waulemu zedi, mpira uliwonse ankauyamikira ngakhale woipa, ndipo kwa miyezi iwiri Fusako ankangophonyaphonya. Kenako anazolowera, ngakhale sanafikenso pa mmene ankaponyera kale.

Akachoka kubwalo ankasamba, kusintha zovala, n'kukwera basi ya 2 koloko yopita kwa Teruyo. Teruyo ankamulandira bwino, monga mmene munthu amalandirira mlendo waulemu wake amene sakumudziwa. Ankamulozera mpando, kumufunsa ngati wachokera kutali, n'kupepesa kuti alibe chomupatsa. Fusako ankasenda manachesi n'kugawana naye, akumuuza za amene wabereka m'tauni, amene wakwatitsa mwana ndi mmene nyanja yadzukira. Poyamba ankatchula dzina lake nthawi iliyonse, koma anaona kuti zikumuvutitsa Teruyo, pakuti ankachita manyazi kuti sakulikumbuka, ndiye anasiya. Genzo ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Anagwirizana kuti asamabwere tsiku limodzi, kuti masiku opanda mlendo achepe. Ikakwana 4 koloko namwino ankabwera kudzatenga Teruyo kuti akasambe, ndipo Fusako ankatolera makoko, kutsanzika, n'kutsikira kusiteji kukadikira basi yobwerera.